Bambo akudzandira, mwana sakuona bwino: kodi ndi nthenda imodzi?

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Kabwata. Bambo a kwathu ali ndi zaka 41 ndipo anali dalaivala pa kampani ina m'tauni. Zaka zinayi zapitazo anayamba kuyenda motangadza miyendo, kumadzandira ngati akuchokera ku bala, chonsecho mowa salawa n'komwe, ndi mkulu wa mpingo. Chaka chatha anagunda geti pobweza galimoto, abwana n'kuwachotsa ntchito, ati amabwera ataledzera. Panopa lilime likuwalemera, akamamwa madzi amatsamwa, ndipo maso akuchita chidima. Magalasi tasintha kawiri koma palibe chasintha.

Apongozi anga aamuna ku Katete anayamba zomwezi atapitirira zaka 50, anamwalira ali pamphasa, osaona. Mlamu wanga wamkazi nayenso sayenda. Chimene chandidula miyendo n'chakuti mwana wanga woyamba, mtsikana wa zaka 15, wayamba kudandaula kuti pa bolodi saonapo, dzuwa limamuthobwa m'maso, ndipo ndikamutuma chitenje chabuluu amabweretsa chagirini. Kuyenda akuyenda bwino.

Achibale a bambo akuti malemu anakhwimira chigayo chawo ndiye mbumba ikulipira. Ena akuloza ine. Tagulitsa firiji ndi kutenga kaloba kuti tipereke kwa mneneri wina, koma zonse zapita m'madzi. Msuweni wawo wa ku Woodlands akuti tisonkhe ndalama tipite ku India. Mng'ono wawo wa ku Chelstone akukwatira posachedwa ndipo wandiuza kuti nditseke pakamwa, ndisamuonongere ukwati.

Kodi imeneyi ndi nthenda yanji? Ili ndi mankhwala? Ana enawo, wa zaka 11 ndi wa zaka 6, ndikawayezetse kuti ndidziwiretu? Usiku sindigona.

Mayi wa ku Kabwata

Mayi,

Dzina la nthenda limatuluka m'chipinda cha dokotala, munthu atapimidwa ndi kutengedwa magazi. Komabe kalata yanu yasonkhanitsa zinthu zitatu zimene sizikumana wamba: kudzandira kwa munthu wosamwa, maso amene magalasi akuwalephera, ndi nthenda yoyamba msanga pa m'badwo uliwonse, agogo atapitirira zaka 50, bambo asanakwane 40, mwana pa 15. Dokotala wa ubongo akamva zitatuzi pamodzi, maganizo ake amathamangira ku nthenda yotchedwa spinocerebellar ataxia type 7, mwachidule SCA7. Lembani zilembo zimenezi pa pepala mukalisonyeze kuchipatala, chifukwa pa kiliniki wamba n'zotheka kupeza wogwira ntchito amene chiyambire sanakumanepo nayo.

Ndi nthenda yosowa, koma si yachilendo kwathu kuno. Pulofesa Masharip Atadzhanov, amene kwa zaka zambiri anali mmodzi mwa madokotala ochepa kwambiri a ubongo m'dziko lonse la Zambia, anapeza mabanja a nthendayi pa chipatala cha UTH. Iye ndi anzake a ku yunivesite ya Cape Town, pakati pawo Jacquie Greenberg ndi Alan Bryer, analemba za mabanjawo m'magazini a zachipatala mu 2015 ndi mu 2017. Anaona kuti chilema cha m'chibadwa cha mabanja a ku Zambia chili ndi zizindikiro zofanana ndi cha mabanja achikuda a ku South Africa, kusonyeza kuti onsewo anachitengera kwa kholo limodzi la kalekale. Ndikutchula zimenezi dala chifukwa cha nkhani ya chigayo ija. Ngati magazi atsimikiza kuti ndi SCA7, ndiye kuti nthendayi ndi yakale kuposa apongozi anu, yakale kuposa chigayo chilichonse cha ku Katete, ndipo malemuwo anangoilandira kwa kholo lawo monga mmene mwana wawo anailandirira kwa iwo.

Kunkhongo kwa munthu, pansi pa ubongo waukulu, kuli kaubongo kakang'ono kotchedwa cerebellum. Ntchito yake ndi kulinganiza kayendedwe ka thupi: phazi liponde pamene mwafuna, dzanja lifike pa kapu osaipitirira, lilime litembenuke pa nthawi yake. Mowa umasokoneza kaubongo komweka kwa maola angapo, n'chifukwa chake woledzera ndi wodwala ataxia amayenda mofanana, ndipo abwana aja anaweruza ndi maso okha. Pa SCA7 maselo a kaubongoka amafa pang'onopang'ono osabwereranso. Ma ataxia akumtundu alipo mitundu yoposa 40, koma SCA7 imadziwika ndi chinthu chimodzi: imaononganso kansalu ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala. Maselo oona mitundu ndi tinthu ting'onoting'ono ndiwo amayamba kufooka, ndipo mtundu wa buluu ndi wachikasu ndiyo imayamba kusokonekera. Chitenje chija ndi umboni wofunika, mukachitchule kwa dokotala. Magalasi amakonza kuwala kukamalowa kutsogolo kwa diso, pomwe vuto lili kumbuyo, ndiye ngakhale mutagula okwera mtengo a ku Kabulonga ndalama ingopita.

Gwero lake linapezeka mu 1997 ndi gulu la asayansi a ku Paris. Ndi jini imodzi yotchedwa ATXN7, pa kromozomu 3. M'kati mwake muli kachigawo ka zilembo zitatu, CAG, kamene kamabwerezedwa. Kwa anthu ambiri kamabwerezedwa pafupifupi ka 10. Kakafika 37 kupita m'tsogolo, thupi limapanga puloteni yolakwika imene imaunjikana m'maselo a ubongo ndi a diso. Tinene kuti jiniyo imachita chibwibwi, ndipo chibwibwicho chimakonda kukula ikamapita kwa mwana, makamaka ikachokera kwa bambo, chifukwa kachigawoka kamatalika kwambiri popangidwa mbewu ya mwamuna. Kakatalika, nthenda imayamba msanga ndipo imathamanga. Chiwerengero chikafika cha m'ma 60 kapena kuposa, nthawi zambiri maso ndiwo amayamba, miyendo n'kutsatira pambuyo. Pali mabanja amene mwana amadwala bambo ake asanaonetse chizindikiro chilichonse, ndipo m'mabanja otero chala chimaloza mayi.

Mwana aliyense wobadwa kwa kholo lokhala ndi jini imeneyi ali ndi mwayi wa theka kuitenga, theka kusaitenga, mnyamata ndi mtsikana chimodzimodzi. Maere amagwa mwatsopano pa mimba iliyonse. Woyamba kudwala sikuombola ang'ono ake, ndiponso sikuwaweruza. Mwana amene sanaitenge sangaipereke kwa ana ake, mzere wake watha nayo. Sipatsirana pogona, pa mbale, kapena posamalira wodwala. Kwathu ku Chipata ndi ku Katete timati ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, koma magazi satsata mwambo umenewo: theka la chibadwa cha mwana limachokera kwa bambo.

Tsopano zoti muchite. Musanakwere basi, khalani pansi ndi bambo, mutenge pepala lalikulu mujambule mtundu wawo: agogo, apongozi anu ndi abale awo onse, alamu anu, ana awo. Pa dzina lililonse lembani ngati munthuyo anadzandirapo, anachita khungu, anayamba ali ndi zaka zingati, anamwalira ali ndi zingati. Musaiwale makanda amene anamwalira asanayende, chifukwa nthendayi ikakula kwambiri imagwira ndi khanda lomwe. Imbirani azakhali achikulire akumudzi, iwo ndiwo amasunga mbiri zotere. Pepala limeneli kwa dokotala wa ubongo limalemera kuposa sikani.

Yambirani ku kiliniki ya Kabwata kapena ku chipatala cha Chilenje, mupemphe kalata yokutumizani ku kiliniki ya matenda a ubongo ku UTH. Mwayi wanu ndi wakuti mukudwazika m'nthawi ino. Mu 2018 pa UTH panayamba maphunziro a ukatswiri wa matenda a ubongo, otsogoleredwa ndi Dr Deanna Saylor wa ku Johns Hopkins, ndipo kuyambira 2020 madokotala a ku Zambia komweko akhala akutsiriza maphunzirowo, ena a akuluakulu, ena a ana. Mzere ndi wautali ndithu, tsiku lokuonani angakupatseni la kutali. Lilandireni, mulisunge, mupite m'mamawa ndi khadi la NHIMA ngati likugwirabe ntchito, mutenge ndi mankhwala onse amene bambo amamwa, a zitsamba omwe.

Musadabwe dokotala akayamba ndi kuyeza zinthu zooneka ngati zosakhudzana ndi mtundu. Pali zoyambitsa kudzandira zimene zimachizika, ndipo kungakhale kulakwa kwakukulu kuzilumpha chifukwa choti m'banja muli mbiri. Kuchepa kwa vitamini B12 kapena vitamini E, chithokomiro chofooka, chindoko chokhalitsa, HIV, chotupa cha mu ubongo, zonsezi zimadzandiritsa. Mankhwala ena nawonso: phenytoin wa khunyu, metronidazole akamwedwa nthawi yaitali, ndi efavirenz amene anali m'ma ARV akale. Munthu angathe kukhala ndi SCA7 komanso B12 wochepa, ndipo kukonza chachiwiricho kumamuwonjezera mphamvu. Dokotalayo adzawayendetsa bambo pa mzere, chidendene kutsogolo kwa chala, adzawauza kugwira mphuno kenako chala chake, adzayang'ana mmene maso amalumphira kuchoka pa chinthu china kupita pa china, chifukwa pa SCA7 amayenda mozengereza. Sikani ya MRI imaonetsa ngati kaubongo kaja kafota, koma siinena mtundu wa ataxia. Ku Eye Hospital ya pa UTH pomwepo mupite ndi onse awiri, bambo ndi mwana, mukanene momveka kuti mukufuna aone kumbuyo kwa diso ndi kuyeza kaonedwe ka mitundu, makamaka buluu ndi chikasu. Kabuku ka madontho kamene amayezera madalaivala kanapangidwira kufiira ndi kubiriwira, ndiye mwana wanu angakhoze bwinobwino vuto lilipo.

Chotsimikiza ndi kuyeza jini. Magazi ake ndi ochepa, a m'kabotolo kamodzi, koma labu yake ndi yapadera. Ya pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town yakhala ikuyeza SCA7 ndi ma ataxia ena kwa zaka zambiri. Funsani dokotala wa ubongo njira yotumizira magazi ndi mtengo wake, ndipo ayambe ndi bambo. Wodwala wamkulu mmodzi akapezeka ndi dzina la nthenda, banja lonse ladziwa chimene likulimbana nacho, ndipo ena sadzafunika kuyezedwa mitundu yambirimbiri. Ngati msuweni wa ku Woodlands ali ndi mtima wothandiza, apa ndiye poika ndalama yake. Ulendo wa ku India udzatha ndi kuyeza komweku, kuonjezapo tikiti ya ndege ya anthu awiri ndi malo ogona.

Pa funso la ana ang'onowo ndikuyankhani mosazungulira: musawayezetse pamene ali bwino. Ndikudziwa kuti kusadziwa kukukudyani, koma taganizani tsiku limene pepala labwera likunena kuti wa zaka 6 ali nayo. Palibe mankhwala oti mumuyambitse, palibe chakudya choti chiibweze, ndipo pepalalo silinena chaka chimene idzayambe. Chimene chidzasinthe ndi maso anu. Akapunthwa pa mpira mudzati yayamba. Fizi ikachepa, mtima udzakunong'onezani kuti mulipirire amene alibe. Mwanayo adzakula atasenzetsedwa chinthu chimene sanapemphe kudziwa. N'chifukwa chake madokotala a za chibadwa m'maiko ambiri amatsata lamulo limene linayambira pa nthenda ya Huntington: munthu wopanda zizindikiro amayezedwa akakwana zaka 18, mwa kufuna kwake, atakambirana ndi mlangizi kangapo. Ambiri akafika pamenepo amasankha kusayezetsa, ndipo ndi ufulu wawo. Mtsikana wamkuluyo nkhani yake ndi ina, chifukwa zizindikiro zilipo kale ndipo akufunika thandizo lolingana ndi chimene chikumuvuta. Ang'onowo akayamba kudandaula za maso kapena kuyenda mwachilendo, pamenepo muwatengere kwa dokotala.

Mankhwala ochiza SCA7 kapena oimitsa kulibe, ku Lusaka, ku India, ngakhale ku America. Ofufuza akuyesa njira zotsekera jini yolakwikayo, koma sizinafike pa wodwala wamba. Mwina mudzamva za omaveloxolone, amene analoledwa ku America mu 2023. Ameneyo ndi wa nthenda ina, ataxia ya Friedreich, ndipo kwa bambo alibe ntchito. Mudzamvanso za zipatala zakunja zolonjeza kubaya ma stem cell, ndi za mabotolo a “zotsuka magazi” amene amagulitsidwa m'maofesi a m'mbali mwa Cairo Road. Aliyense wokuuzani kuti achiza nthendayi mukalipira, akufuna firiji yachiwiri. Kupemphera pempherani, mpingo wanu muufune kwambiri m'zaka zikubwerazi, koma pemphero la mtengo wake lisiyeni, ndipo kaloba mutseke msanga asanakudyeni nyumba.

Kusachizika sikutanthauza kuti palibe chochita, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amataya zaka zabwino. Wodwala akagwa kawiri, am'nyumba amamukhazika pa mpando, kumutengera chilichonse, kumuletsa kutuluka. Miyendo imafota chifukwa chokhala, ndipo pakatha chaka sangathenso kuimirira, nthenda isanafike n'komwe pamenepo. Ofufuza a ku Tübingen ku Germany anasonyeza mu 2009 kuti masewera olimbitsa kayendedwe, ochitidwa mwakhama kwa milungu inayi, amachepetsa kudzandira kwa odwala ataxia, ndipo phindu limakhalitsa kwa amene akupitiriza kunyumba. Pemphani kalata ya ku fiziyo, ku UTH kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa. Simungathe kupita tsiku lililonse, ndiye mupite kukaphunzira: mujambule pa foni zimene akuwachititsa, muzikabwereza kunyumba m'mawa uliwonse. Kuimirira kuchoka pa mpando osagwira, kuima mapazi ataphatikiza atayandikira khoma, kuponda cham'mbali motsata tebulo, kutola nyemba kuika m'botolo. Ndodo kapena choyendera cha miyendo inayi chisachedwe chifukwa cha manyazi. Ndipo chiwongolero asachigwirenso, ngakhale mnzawo atawapezera ganyu ya takisi. Kunena zimenezi kwa munthu amene wadyetsa banja ndi laisensi n'kowawa, ndiye mupemphe dokotala anene ndiye.

Yendani m'nyumba mwanu ndi diso la munthu wodzandira. Pansi popaka kobra wonyezimira ndi msampha, lekani kupolisha modutsa iwo. Timakapeti ta pakhomo chotsani. Ku bafa ndiko anthu amathyoka chiuno: ikani mpando wa pulasitiki wolimba kuti azisamba atakhala, ndipo wowotcherera zitsulo wa pa msika wa Kabwata angakupangireni chogwirira cha paipi n'kuchikhomera kukhoma la bafa ndi la chimbudzi pa mtengo wochepa. Malodi shedingi akabwera, munthu wa maso ofooka ndi miyendo yosakhazikika amakhala pangozi kawiri, choncho nyale yotchaja ikhale pamutu pa bedi ndi ina panjira ya kuchimbudzi. M'mphepete mwa sitepe pakani penti yoyera.

Kutsamwa kuja musakuone ngati kanthu kakang'ono. Odwala ambiri a nthenda zotere amatengedwa ndi chibayo chobwera chifukwa chakudya kapena madzi zalowera ku mapapo. Zamadzimadzi zopyapyala, monga madzi ndi tiyi, ndizo zimathamangira njira yolakwika, pomwe zokhuthala ngati maheu, phala kapena yogati zimatsika mosavuta. Azidya atakhala tsonga, chibwano chitaweramira pang'ono pachifuwa pomeza, mbamu zing'onozing'ono za nsima yofewa yonyowetsedwa bwino ndi msuzi, osalankhula chakudya chili m'kamwa, ndipo asagone mpaka patapita theka la ola. Nsomba ya minga, mtedza wokazinga ndi chimanga chokazinga zichoke pa mbale yawo. Mano azitsukidwa kawiri pa tsiku, chifukwa tizilombo ta m'kamwa ndito timakayambitsa chibayo. Akayamba kutsokomola ndi kutentha thupi, kapena mukaona kuti akuonda, musadikire tsiku la kiliniki. Miyendo ikamauma ndi kukokana alipo mankhwala monga baclofen, koma apereke ndi dokotala, chifukwa akachuluka amafooketsa miyendo imene tikufuna kuilimbitsayo. Muyang'anenso mtima wawo. Mwamuna amene wachotsedwa ntchito ndi dzina la uchidakwa, n'kuona mwana wake akuyamba zomwezo, angathe kudziimba mlandu mpaka kufuna kudzipha. Akayamba kusadya, kusagona, kapena kunena kuti bola kufa, muuzeni dokotala tsiku lomwelo. Matenda a maganizo amenewo ndiye ali ndi mankhwala. Nzeru zawo zilipo ngakhale mawu akutuluka movuta, choncho nkhani za ndalama ndi za ana muzikambirana nawo, alendo asamafunse inu zimene angathe kuyankha okha.

Za mtsikanayo ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi kumene nthawi ikuthamanga. Ngati ndi SCA7, maso ake adzapitirira kufooka, ndipo nthenda yoyamba pa ubwana imayenda mofulumira kuposa ya akuluakulu. Sindikubisirani zimenezo. Tsono zimene adzafune m'tsogolo aziphunzire lero akuonabe. Kalata ya dokotala wa maso ipite kwa ahedi: akhale kutsogolo, kutali ndi windo lothobwa, aloledwe kuvala chipewa ndi magalasi akuda panja, manotsi awalandire a zilembo zikuluzikulu. Bungwe la mayeso la ECZ limakonza mapepala a zilembo zazikulu ndi a braille, koma sukulu iyenera kumulembetsa motero nthawi ya kalembera, osati sabata ya mayeso. Mafoni ambiri a Android ali ndi TalkBack, imene imawerenga mokweza zolembedwa, ndipo mwana wa zaka 15 adzaizolowera msanga kuposa inu ndi ine. Aphunzirenso kutayipa osayang'ana. Braille ndi yabwino, koma nthendayi imadzasokonezanso zala, ndiye makutu ndiwo chuma chake chokhalitsa. Ku sukulu ya Munali kuli gawo la ana a zosowa zapadera, ndipo kwanu kum'mawa kuli Magwero pafupi ndi Chipata, kumene amishoni a Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa akhungu mu 1905. Koma musafulumire kumuchotsa pakati pa anzake ngati sukulu yake ikulola kumuthandiza.

Ndipo muuzeni zoona. Mwana wa msinkhu umenewo waona kale bambo ake, wamva za agogo ake, ndipo mwina usiku amafufuza yekha pa foni. Mukakhala chete adzaganiza kuti nkhaniyo ndi yoopsa moti ngakhale amayi ake akuithawa. Simufunika kumuuza zonse tsiku limodzi. Yankhani chimene wafunsa, osanama, ndipo kwa dokotala mumupatse mpata wolankhula yekha inu muli panja. Musamusandutsenso namwino wa bambo ake. Ang'onowo auzeni zolingana ndi msinkhu wawo: adadi ali ndi nthenda ya mu ubongo imene imasokoneza miyendo, sanaledzere, ndipo palibe amene anawalodza. Mawu amenewo adzawathandiza pamene anzawo akuwaseka panjira.

Dzina la nthenda lili ndi ntchito inanso, ya ndalama. Bambo anachotsedwa ngati wolakwa, pomwe lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, limasiyanitsa kuchotsedwa chifukwa cha mlandu ndi kupumitsidwa chifukwa cha matenda, ndipo wopumitsidwa pa matenda amakhala ndi malipiro ake. Lipoti la dokotala likatuluka, pitani nalo ku ofesi ya Labour kapena ku Legal Aid Board pamodzi ndi kalata yowachotsera ntchito, msanga, chifukwa madandaulo a ntchito ali ndi malire a nthawi. Ngati kampani inkawadulira NAPSA, kafunseni za penshoni ya munthu amene walephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda, mutatenga sitetimenti ya zopereka zawo. Ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, bungwe la pansi pa lamulo la 2012 la anthu olumala, mukalembetse onse awiri kuti alandire khadi, ndipo ku ofesi ya Social Welfare mukafunse za Social Cash Transfer. Maofesi amenewa amafuna mapepala ndi kuleza mtima. Gulani faelo imodzi, chilichonse muzichita fotokope, choyambirira chisachoke m'manja mwanu.

Inuyo simungasenze zonsezi nokha kwa zaka khumi. Achibale amene ali ndi mphamvu zoloza zala ali nazonso zosinthana nanu Loweruka kuti mupite ku msika kapena mungogona. Zotsatira za magazi zikabwera, bambo ndiwo aitanitse abale awo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhalepo, pepala la mtundu lija liyalidwe pa tebulo pamodzi ndi la ku labu. Mukalankhula ndinu adzati mkamwana akudzitchinjiriza. Ena sadzakhulupirira ngakhale ataona chidindo cha ku Cape Town, ndipo musataye mphamvu kulimbana nawo. Amene mukufuna kuti amve ndi achinyamata a m'banjamo amene sanabereke.

Izi zikutifikitsa kwa mlamu wanu wa ku Chelstone. Mantha ake ndi omveka: ngati bambo ake anali nayo, iyenso ali pa theka lomwe lija, ndipo kukwiya kwake ndi kwa munthu amene amadziyang'ana mapazi akamatsika basi. Si udindo wanu kupita kwa mkwatibwi kapena kwa makolo ake, ndipo mukatero mudzayatsa moto umene udzapsereza ana anu omwe. Koma musalonjeze kunama mukafunsidwa, ndiponso musabise matenda a m'nyumba mwanu kuti ukwati wa wina uyende. Akulu akewo amuitane, awiriwiri, amuuze dzina la nthenda ndi kuti angathe kukaonana ndi dokotala yemweyo. Kuyezetsa kapena kusayezetsa ndi zake. Akapezeka alibe, ana ake onse ndi omasuka. Akapezeka ali nayo, kapena akasankha kusadziwa, mkazi amene adzabereke naye ndi kumusamalira ayenera kumva kuchokera pakamwa pake ukwati usanachitike. Inu mukudziwa kuposa wina aliyense kulemera kwa kuzindikira zimenezi ana atabadwa kale, ndipo mlamu wanuyo akafuna kumva, mungamuuze mmene zakhalira kwa inu.

Sabata ino chitani ziwiri zokha: pepala la mtundu, ndi kalata ya ku kiliniki yotumiza bambo ndi mwana ku UTH. Mukapatsidwa tsiku, mundilemberenso mundiuze zimene dokotala wa maso wapeza.

Aphungu